Mpweya Ndiwo Usenza Cimanga Cathu

Nyengo yokolola ikatha, maso athu onse akhala ku mseu kuyembekeza lole yodzatenga cimanga. Tifunsa za mafuta ndi za mtengo, koma za mpweya palibe afunsa. Komatu matumba onse aja a makilogalamu 50 atsamira pa mpweya wotsekeredwa m'matayala.

Ine ndinakulira pa Nyimba, m'mbali mwa mseu wa Great East, pamene amalume anali kumata matayala. Zida zitatu sanali kubwereketsa munthu: makina opopera, paipi yaitali yogwira yokha pa vavu, ndi geji yopimira mpweya. Akaona dalaivala alikugogoda tayala ndi citsulo kuti amve ngati lakhuta, anali kundiuza kuti, "Mphwanga, nyundo sidziwa kuwerenga."

Geji iwerenga mpweya m'mabaa. Tayala la galimoto yaing'ono lifuna mabaa 2 kapena kuposa pang'ono, la lole yaikulu 7 kapena 8, pamene lakumbuyo kwa thirakitala kawirikawiri silifika pa 2. Pampu ya njinga singadzaze tayala la lole. Koma lole ya mabuleki a mpweya iri ndi makina ake opopa, ndipo dalaivala wanzeru ayenda ndi paipi yotungira mpweya m'thanki yake.

Tayala losakhuta lipindika poyenda, litentha, ndipo pomaliza liphulika. Likaphulika pa zitunda za Manenekela, thukuta la mudzi wonse limwazika m'phompho. Cifukwa cace mpweya upimidwe m'mamawa tayala likali lozizira, osaiwala lamkati pa matayala awiri ogundana, pakuti ilo libisa njala yace.

Cimene cindiopsa koposa ndi ici: lole ikafa pafupi ndi mudzi, ana ndi anyamata aunjikana kupenyerera. Marimu ena ali ndi mkombero wacitsulo wocotseka. Ukapanda kukhala bwino m'malo mwace, mpweya uuponya ndi mphamvu yokhoza kupha munthu. Amalume anali kupopera tayala lotere m'khola la zitsulo, iwo ataima patali cakumbali.

Makolo anzanga, cotsani ana pamene tayala lipopedwa. Ndipo inu alimi, musanakweze matumba anu, musacite manyazi kufunsa dalaivala ngati ali ndi geji. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.