Iquitos, tauni imene msewu wake ndi mtsinje

Ku Iquitos, m'dziko la Peru, kumakhala anthu oposa 400,000, koma palibe basi kapena lole imene ingakufikitseni kumeneko kuchokera ku Lima, likulu la dzikolo. Msewu wa tala wotuluka m'tauniyi umangoyenda makilomita pafupifupi 100 n'kukathera ku Nauta, ndipo kupitirira apo ndi nkhalango ndi madzi okhaokha. Wofuna kukafika akwere ndege, ulendo wosakwana maola awiri, apo ayi akwere sitima yapamtsinje n'kupirira masiku angapo. Ife awiri tinasankha sitima, chifukwa tinkafuna kuona njira imene mchere, simenti ndi mankhwala a anthu onsewo zimadzera.

Tinakwerera ku Yurimaguas, kumene msewu wochokera kumapiri umathera pa mtsinje wa Huallaga. Sitima zake zimanyamuka ngati minibasi: ikadzaza, osati nthawi ikakwana. Pansi pamalowa katundu, matumba a mpunga, anyezi, mazira, malata, njinga zamoto zatsopano, nthawi zina ndi ng'ombe zomwe. Pamwamba ndi pa anthu. Aliyense amabwera ndi nsalu yake yolimba yonga machila, n'kuimangirira ku zitsulo za kudenga, ndipo bedi lake, mpando wake ndi chipinda chake n'chomwecho kwa masiku atatu. Mbale ndi sipuni umatenga zako. Belu likalira mumaima pamzere kukalandira mpunga ndi nthochi yophika. Ife tinagula mabotolo akuluakulu a madzi tisanakwere, popeza madzi a m'mipopi ya m'sitimamo amapopedwa mumtsinje momwemo.

Huallaga amathira mu Marañón, ndipo pafupi ndi Nauta, Marañón amakumana ndi Ucayali n'kukhala mtsinje wa Amazon. Sitima imaima pamidzi yambiri, usana kapena pakati pa usiku. Ikangogunda gombe amatsitsa thabwa, anyamata n'kuyamba kuthamanga ndi mikoko ya nthochi pamsana, amayi akulowa ndi nsomba zootcha ndi zipatso. Pamudzi wotere sitima ndiyo msika, ndiyo positi ofesi, ndiponso ndiyo ambulansi. Tinaona mayi wina wodwala akukwezedwa ndi abale ake m'bulangete, ulendo wa ku chipatala utatsala wa tsiku lathunthu. Pamenepo chisangalalo cha ulendo chinatichepera ndithu.

Iquitos ili pamene mitsinje ya Nanay ndi Itaya imafika mu Amazon, makilomita oposa 3,500 kuchokera ku nyanja ya Atlantic. Chodabwitsa n'chakuti pa mtunda wonsewo madzi amangotsika mamita pafupifupi 100, choncho mtsinjewo ndi wotakata, wakuya ndi wodekha moti sitima za panyanja yamchere zimatha kukwera mpaka kufika padokoli. N'chimene chinabala tauniyi. Kale panali kamudzi ka mishoni ya Akatolika, koma mu 1864 boma la Peru linafikitsapo sitima zake zoyendera nthunzi, ndipo chaka chimenecho ndicho eni ake amawerengera ngati chiyambi cha doko lawo.

Kenaka kunadza labala. Kuyambira cha m'ma 1880, makamaka njinga ndi magalimoto zitayamba kufuna mateyala, utomoni wa mtengo wa m'nkhalango ya Amazon unasanduka chuma chosaneneka, ndipo wambiri unkadutsa pa Iquitos kupita ku Liverpool ndi New York. Mukayenda m'mbali mwa mtsinje lero mudzaona nyumba za nthawi imeneyo, makoma ake okutidwa ndi matailosi ochokera ku Portugal. Pabwalo lapakati pali nyumba yachitsulo yokhayokha, Casa de Fierro, imene inabwera kuchokera ku Ulaya ili zidutswazidutswa. Alendo amaijambula tsiku lonse. Ife tinaima patsogolo pake mitima ili kwina, chifukwa tinali titawerenga za mtsinje wa Putumayo, kumene kampani ya Julio César Arana, yolembetsedwa ku London, inkagwiritsa ntchito yaukapolo anthu a mitundu ya Huitoto ndi Bora. Wosakwanitsa mulingo wa labala ankakwapulidwa, kumanidwa chakudya kapena kuphedwa. Roger Casement, amene boma la Britain linamutuma kukafufuza mu 1910, anatsimikiza nkhanzazo, ndipo akuti anthu osachepera 30,000 anatha. Otiperekeza ena amatchula zimenezi, ena amangodutsa n'kuloza matailosi.

Chumacho sichinakhalitse. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anali atatenga njere za mtengowu zokwana 70,000 ku Brazil n'kupita nazo ku Kew, ku London, ndipo mbande zake zinakabzalidwa ku Ceylon ndi Malaya. Minda ya kumeneko itayamba kubereka, cha m'ma 1912 mtengo wa labala wa m'nkhalango unagwa, olemera n'kulongedza. Mtengo womwewo ndi umene uli ku Vizara, ku Nkhata Bay, kumene ana amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Labala atatha padokoli panadutsa matabwa, kenaka mafuta a pansi pa nthaka kuyambira m'ma 1970. Kaonedwe kathu n'kakuti chuma cha ku Iquitos chakhala chikuyenda ngati madzi a mtsinjewo: chimadutsa chambiri, chotsalira n'chochepa.

Kuti muone chotsaliracho, tsikirani ku Belén. Kumtunda kwake kuli msika waukulu umene umadzuka kusanache, mabwato akamafika ndi zokolola za m'midzi. Kuli nsomba yamamba yotchedwa paiche, imene imatha kupitirira mamita awiri, ndipo amaigulitsa yaiwisi kapena yamchere yokulungidwa ngati mphasa. Kuli chinangwa, nthochi zamitundumitundu, ndi zipatso ziwiri zimene tinazikonda: camu camu, kachipatso kowawasa kodzaza ndi vitamini C, ndi aguaje, chipatso cha mgwalangwa wa m'madambo, chamamba kunja, chachikasu mkati, chothandiza maso chifukwa thupi limapangako vitamini A. Amayi amachisenda m'mbali mwa msewu tsiku lonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti okolola ambiri amagwetsa mtengo wonse kuti athyole zipatsozo, pamene ukanabereka zaka zambiri. Mumsika momwemo mulinso zimene tinangozidutsa: nyama ya ng'ona, akamba ongophedwa kumene, mazira awo, ndi anyani aang'ono omangidwa pa chingwe.

Kumunsi kwa msikawo ndi kumene kumakhala anthu osauka, m'chigwa cha Itaya. Madzi a mtsinje amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 10 pa chaka, amadzaza cha mu Epulo ndi Meyi n'kuphwera cha mu Seputembala. Nyumba zina zili pa nsanamira zazitali, zina zinamangidwa pa zipika zoyandama, zimakwera ndi kutsika limodzi ndi madzi. Alendo amalipira bwato kuti akaone "tauni yoyandama", ndipo n'zoona, dzuwa likamatuluka malowa amakongola. Koma zimbudzi zambiri ndi timisasa ta pamwamba pa madzi, ndipo madzi omwewo ana akusambiramo, mayi akutsukiramo mbale. Aliyense amene anasamalapo mwana wotsegula m'mimba sangaone zimenezo n'kumangojambula. Kolera atabuka ku Peru mu 1991 anafikanso kuno, ndipo mpaka lero anthu okhala pakati pa madzi ochuluka chonchi amavutika kupeza ndowa imodzi yoti amwe osaopa.

Alendo ndiwo katundu watsopano wa dokoli. Amabwera kudzaona nkhalango yotetezedwa ya Pacaya Samiria, ya mahekitala oposa 2 miliyoni, ndi nyama za m'madzi zofiirira zotchedwa ma dolphin. Ndalama zawo zikudyetsa oyendetsa mabwato, ophika, ndi anyamata a njinga zamoto zamateyala atatu zimene phokoso lake silikata m'tauni yonse. Izi n'zabwino. Koma mlendo akalipira kuti ajambulidwe atanyamula kanyama ka m'tchire, mawa wina apita kukagwira kena. Ndiponso ambiri amadzera chakumwa chotchedwa ayahuasca, chophikidwa kuchokera ku zomera za m'nkhalango, chimene chimasokoneza bongo n'kumaonetsa munthu zinthu zomwe palibe. Chimatsatsidwa ngati machiritso, komabe chimasanzitsa, chimakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo n'choopsa kwa amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo. Ena anafera pa miyambo imeneyi. Ife tikamauza anzathu zokonzekera timatchula zinthu wamba: katemera wa yellow fever, neti, zovala zamikono yaitali chifukwa cha udzudzu wa malungo ndi wa dengue, ndi kusamwa madzi osawiritsa.

Abale athu anaona kalekale kuti kuno wodwala amafikiridwa pa madzi. Fernando ndi Ana Stahl, onse anamwino, atatumikira zaka zambiri kumapiri a ku nyanja ya Titicaca anatsikira ku Amazon m'ma 1920, nakhazikika ku Iquitos, n'kumayendera midzi pa boti. Chipatala chotchedwa ndi dzina la Ana Stahl chilipo mpaka pano. Pa Sabata tinapembedza ndi anthu amene ena a iwo anafika pa bwato, nsapato zili m'manja.

Nkhani imene aliyense ankatiuza, ngakhale osafunsidwa, ndi ya 2020. Mliri wa COVID-19 utafika, maulendo a ndege ndi a sitima anaimitsidwa, ndipo tauni imene chilichonse chimachokera kutali inapezeka ilibe mpweya wa okosijeni wokwanira. Mabanja ankagona pamzere ndi masilinda opanda kanthu, mitengo yake itakwera kangapo. Madokotala ndi anamwino anamwalira limodzi ndi odwala awo. Kafukufuku wa mu Julaye chaka chomwecho anapeza kuti anthu 7 mwa 10 alionse m'tauniyi anali atadwalapo kale kachilomboko. Ansembe achikatolika a kumeneko ndiwo anatsogolera msonkhamsonkha, anthu wamba n'kuponya kangachepe, mpaka anagula makina opangira okosijeni pamalo pomwepo. Makinawo nawonso anachita kubwera pa ndege.