Timoto ta M'kati mwa Koyilo

Ntchito yanga ndi yoyeza makoyilo a majenereta ndi mamota akuluakulu, aja oyendera magetsi a 6.6 kV kapena 11 kV. Kopa wa m'makina otere amakulungidwa ndi mica yomatidwa ndi epoxy kuti magetsi asadumphire ku chitsulo. Chokutirachi chikamakalamba ndi kutentha, chimasiya timipata ta mpweya m'kati. Mpweya supirira magetsi ngati mica, ndiye m'timipatamo mumathetheka timoto kambirimbiri pa sekondi. Timatitcha partial discharge, kapena kungoti PD. Timadya epoxy mwakachetechete ngati chiswe mu mtanda wa denga, mpaka tsiku lina koyilo n'kupsa.

Poyeza chokutirachi, mabwana ambiri amadalira chida chotchedwa megger. Nanenso ndimaigwiritsa ntchito, koma imangondiuza za chinyezi ndi litsiro. Koyilo yofumbwa m'kati imatha kukhoza mayeso a megger bwinobwino. PD timaiyeza makina ali pa ntchito, kudzera m'ma capacitor a 80 pF omangidwa pa phase iliyonse. Chovuta choyamba n'kupatula timoto tenitenito ku phokoso la maburashi, kapena la mnzathu amene akuwotcherera chapafupi.

Pa kompyuta ndimaona mbali imene timoto tachulukira. Tikachuluka ta negative, chokutira chayamba kumatuka pa kopa penipeni. Tikachuluka ta positive, vuto lili kunja, pamene koyilo ikhudzana ndi chitsulo mu slot. Pamenepo ndimapempha oyendetsa makina kuti awonjezere load. PD ikakwera nthawi yomweyo, ndiye kuti ma wedge ogwira koyilo mu slot akhwepa, ndipo koyilo ikugwedezeka ka 100 pa sekondi, poti magetsi athu ndi a 50 Hz. Tikatsegula timapeza kaufa koyera pa makoyilo, ndipo nthawi zambiri fungo la ozone limakhala litatichenjeza kale makina akuyenda. Vuto ili ndimalikonda, kunena zoona, chifukwa kulimbitsa ma wedge n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi kukulunga makoyilo atsopano.

Nambala ya tsiku limodzi sindichita nayo mantha. Makina ena amakhala ndi PD yokwera kwa zaka, osasintha, osavuta. Koma ikawirikiza kawiri m'miyezi 6, ndimalemba kalata yopempha kuti makina aimitsidwe. Ndisanalembe ndimayamba ndatsimikiza kuti load, kutentha kwa makoyilo ndi chinyezi zinali zofanana poyeza ponse pawiri, chifukwa mpweya wouma wa mu Okutobala umakweza PD ya kunja kwa koyilo kuposa wa nthawi ya dzinja, ndipo kuimitsa jenereta pachabe kumasiya anthu mu mdima.