Matope a Nyanja ya Round Loch Aulula Mbiri ya Utsi

Kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Scotland, m'mapiri a Galloway, kuli kanyanja kotchedwa Round Loch of Glenhead. Mlendo wofuna kukafikako amayenda pansi kuchokera m'chigwa cha Glen Trool, kudutsa m'madambo a lowe momwe phazi limatitimira. Kulibe mudzi, munda kapena fakitale. Madzi ake amaoneka abwino, komabe pofika m'zaka za m'ma 1980 anali atawawasa ndi asidi.

Kanyanjaka kanabadwa pamene madzi oundana amene anakuta dzikolo anasungunuka zaka zoposa 10,000 zapitazo, n'kusiya chikwawa pathanthwe la granite. Mwala umenewu susungunuka msanga ndipo uli ndi laimu wochepa zedi, choncho madzi okhala pamenepo alibe chowateteza ku asidi.

Mboni ya mbiri yonseyi ndi matope a pansi pa nyanja. Chaka ndi chaka, tindere tosaoneka ndi maso totchedwa diatom timafa n'kumira, koma zigoba zake siziola. Mtundu uliwonse wa tindereti uli ndi madzi amene umakonda. Akatswiri akazika paipi m'matopemo n'kuwazula mosasokoneza, amawerenga zigobazo kuyambira pansi, pomwe pali zakale, kufika pamwamba.

Anapeza zodabwitsa. Kwa zaka zikwizikwi nkhalango zinamera n'kutha, nthaka yozungulira inasanduka dambo lowawasa, koma madziwo sanasinthe kwenikweni: pa muyeso wa pH anakhala pakati pa 5.5 ndi 6. Kenaka, kuyambira cha m'ma 1850, anayamba kutsika mpaka kufika pafupifupi 4.7, kutanthauza kuti asidi anachuluka kuposa kasanu. M'matope a zaka zomwezo muli timibulu ta mwaye wa malasha.

Ena ankaloza chala mitengo ya paini yobzalidwa m'mapiri, koma m'mbali mwa Round Loch simunabzalidwe mitengo yotere. Mu 1983, Roger Flower ndi Richard Battarbee a ku University College London anasonyeza kuti gwero linali mvula ya asidi. Utsi wa salufa wochokera m'mafakitale akutali unkakwera m'mitambo n'kugwa ndi mvula.

Mayiko a ku Ulaya anasainirana pangano lochepetsa utsi wodutsa malire ku Geneva mu 1979. Utsi unachepa kwambiri, ndipo kuyambira 1988 madzi a nyanjayi akhala akuyezedwa mosalekeza. Asidi akuchepa, koma pang'onopang'ono, chifukwa nthaka inakokoloka mchere wake woteteza, ndipo thanthwe limaubwezera mochedwa.

Mlimi amene munda wake unawawasa ndi feteleza wa salufeti amadziwa kuti nthaka sichira m'dzinja limodzi, ngakhale atathira laimu. Kum'mwera kwa Africa kuno, malo opangira magetsi ku Mpumalanga amatentha malasha usana ndi usiku, ndipo mphepo sidziwa malire. Zimene zinagwera Round Loch n'zofunika kuzikumbukira poyang'anira madzi ndi nthaka ya m'mapiri athu.