Sarafina Pansanja ndi Pakanema

Amalawi ambiri amene amamudziwa Sarafina amamudziwa ngati filimu. Ukangotchula dzinali, anthu amaona Leleti Khumalo ali mu yunifolomu ya sukulu, akuvina pakati pa anzake m'fumbi la ku Soweto. Ndi ochepa amene amadziwa kuti nkhaniyi inayamba ngati sewero la nyimbo lochitikira pansanja. Analilemba ndi a Mbongeni Ngema, ndipo pa nyimbo anathandizana ndi a Hugh Masekela. Linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1987, kenako mu Januwale 1988 linalowa ku Broadway, ku New York, kumene linaseweredwa maulendo 597. Filimu yake inatuluka mu 1992 motsogozedwa ndi a Darrell Roodt. Funso limene lakhala likundizunguza chiyambire kuphunzira za zisudzo ndi lakuti: kodi sewero limene ana akuyimba kwinaku akuphedwa, likachotsedwa pansanja n'kuikidwa pakanema, limakhalabe lomwe lija?

Kwathu ku Nkhata Bay filimuyi ndinaionera koyamba m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika, ndili mu Sitandade 5. Tinkakhala pa mabenchi a matabwa, pakhomo atatchingapo chinsalu chakuda, sipika ili panja kuitana odutsa. Nyimbo ikayamba tonse tinkagwedezeka. Zikafika pa mfuti, anyamata ena ankakuwa mokondwa monga ankachitira ndi mafilimu a karate. Mavinidwe aja tinapita nawo paliponse: pa maukwati, pa tsiku lotsekera sukulu, ngakhale pamchenga ku Chikale. Za ana a ku Soweto panalibe ankazikamba. Tinatola gule n'kusiya maliro. Wina anganene kuti unali ubwana chabe, koma ine ndikuona kuti filimuyo payokha ndiyo inatilola kutero. M'kati mwake nyimbo ndi imfa sizinalukane bwino, motero munthu akhoza kunyamula chimodzi n'kusiya chinzake.

Pansanja zinthu zinali mwina. Mu 1988 a Nigel Noble anajambula achinyamata a m'seweroli ali ku New York, n'kutulutsa kanema wotchedwa Voices of Sarafina!, mmene anawo akufotokoza za moyo wawo pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo mbali zina za sewerolo zikuoneka. Nsanja yake inalibe zambiri. Panali mpanda wa waya, ndipo oyimba a m'bandi anavala ngati asilikali. Ana omwewo ndiwo ankasimba nkhani, kuyimba, kugwa pansi ngati awomberedwa, n'kudzukanso kuti nkhani ipitirire.

Munthu wa ku Nkhata Bay savutika kumvetsa zimenezi, chifukwa ife tili ndi malipenga. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali, amuna atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ovina amavala makabudula osita bwino ndi masokosi ofika m'mawondo, amafola m'mizere, ali ndi maudindo awo onga a kuusilikali, ndipo m'malo mwa malipenga amkuwa amaliza zikho. Palibe woonerera amene amafunsa kuti nanga mfuti zili kuti. Pakati pa ovina ndi oonerera pamakhala pangano losalemba lakuti lero thupi la munthu, mawu ake ndi ng'oma ziimira chilichonse. Pangano lomwelo ndilo limagwira ntchito pa sewero la nyimbo. Ndipo taonani mmene zinthu zimakhalira pamenepo: imfa ndiyo yongoyerekeza, koma nyimbo ndi yeniyeni. Mtsikana amene wagwa uja tonse tikudziwa kuti ali moyo, koma mpweya umene akuyimbira, thukuta lake ndi kunjenjemera kwa mawu ake zikuchitika pamaso pathu. Chisoni chonse chimasamukira m'nyimbo, chifukwa ndimo muli choonadi.

Kamera imatembenuza zimenezi chadodolido. A Roodt anakajambulira ku Soweto kwenikweni, ndi ku Morris Isaacson High School, imodzi mwa sukulu zimene ophunzira anayambira ulendo wawo pa 16 Juni 1976. Misewu ndi yeniyeni, magalimoto ankhondo ndi enieni, agalu a apolisi akuuwa, magazi akuoneka pa malaya oyera. Tsopano imfa ndiyo yaoneka yeniyeni, ndipo nyimbo ndiyo yasanduka yongoyerekeza, pakuti inajambulidwa kale mu situdiyo ndipo ana akungotsatira ndi milomo. Khutu limazindikira msanga. Mwana akuthamanga pamtetete koma mawu ake ndi osalala, opanda befu, gitala ndi malipenga zikulira pamene diso silikuona woliza.

Si nyimbo zonse zimene zavulala chimodzimodzi. Zimene zili ndi malo ake m'moyo wa tsiku ndi tsiku zaima bwino. Ophunzira akamayimba pemphero la Ambuye pamzere wa m'mawa, palibe chachilendo, ifenso tinkayimba pamzere. Pa maliro a ana ophedwa aja, mabokosi atandandalika, nyimbo imakugwira pakhosi, chifukwa kuno kwathu ngakhale ku Joni maliro opanda nyimbo kulibe. Chimodzimodzinso pa zionetsero. Koma nyimbo ya kumayambiriro, pamene Sarafina akulota kuti ndi katswiri wa ku Hollywood ndipo anzake akumuvinira, imaoneka ngati yochokera m'filimu ina. Ndi yokoma, ndipo ndi imene tinkaitsanzira kwambiri, koma ukaidula nkhani siitaya kanthu.

Vuto limeneli si la a Roodt okha. Mu 2007 a Tim Burton anasandutsa filimu sewero la nyimbo la a Stephen Sondheim la mu 1979, Sweeney Todd, nkhani ya wometa tsitsi wa ku London amene amacheka pakhosi makasitomala ake, mayi woyandikana naye n'kumaphika nyama yawo kugulitsa. Iwo anachotsa gulu loyimba limene pansanja limasimba nkhaniyo, ndipo anapanga London yense kukhala wa mdima, wonga wa m'maloto oipa, magazi ake ofiira mopitirira muyeso. Poti dziko lonse la m'filimumo ndi lopeka, munthu akayamba kuyimba lumo lili m'manja sudabwa. Njira imeneyi a Roodt sakanaitsata. Soweto si mudzi wa m'nthano. Ana amene anafa kumeneko ali ndi mayina ndi abale amoyo, ndipo chithunzi chimene a Sam Nzima anajambula cha Hector Pieterson atanyamulidwa chinali chitazungulira kale dziko lonse.

Izi zimandikhudza chifukwa nafenso tili ndi akufa athu otero. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu anasonkhana padoko la Nkhata Bay kufuna kuti atsogoleri awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Asilikali anawombera. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa, koma kwathu timatchula 31. Doko lake ndi lomwelo limene Ilala imakocheza, pamene amayi amagulitsa usipa ndi nthochi. Ndikamaonera asilikali akuwombera ophunzira mu Sarafina, maganizo anga amathawira padokopo, ndipo ndimadzifunsa ngati ndingalole kuti wina ajambule agogo athu akugwa, magazi akuyenderera, kenako pakangopita mphindi zitatu abweretse achinyamata ovina mofanana mapazi. Pabwalo, ndi ng'oma, m'Chitonga, ndikhoza kulola, ndipo mwina ndingalowemo. Pakanema mtima wanga ukukana.

Monga wophunzira za ziyankhulo, pali chinanso chimene chimandidandaulitsa. Chimene chinatulutsa ana m'makalasi mu 1976 chinali chiyankhulo. Boma linalamula mu 1974 kuti maphunziro ena, monga masamu, aziphunzitsidwa mu Afrikaans. Koma filimuyi nkhani ya chiyankhulo yaikankhira pambali. Mkangano wa m'kalasi wasanduka wa mbiri yakale: mphunzitsi Mary Masombuka akuuza ana kuti Napoleon anagonjetsedwa ndi anthu a ku Russia, pamene buku la boma likuti anagonja ndi chisanu. Ndi phunziro labwino, koma ndi losavuta kuligulitsa kunja. Ana a ku Soweto akuyankhulana m'Chingerezi ngakhale kunyumba, ndipo Chizulu chatsalira makamaka m'nyimbo. Udindo wa mphunzitsiyo anaupereka kwa Whoopi Goldberg, amene dzina lake linathandiza kuti filimu ipeze msika. Amasewera modzichepetsa ndithu, komabe lilime lake limamveka kuti ndi la mlendo. Ine ndinakulira m'nyumba ya Chitonga. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachiphunzira kusukulu ndi pawailesi, potsatira mfundo ya mu 1968 imene inachikweza kukhala chiyankhulo cha fuko. Ndimachikonda, ndipo sindikufananiza zimenezi ndi tsankho la ku South Africa. Komabe ndikudziwa mmene mwana wa zaka 6 amamvera akafunsidwa funso m'chiyankhulo chimene amayi ake samuyankhulira. Filimu yonena za 1976 inayenera kundipweteka pamenepo, koma inangodutsapo.

Nthawi nayonso inaichenjerera filimuyi. Mu 1987 a Nelson Mandela anali akadali m'ndende, ndipo kufalitsa chithunzi chawo kunali koletsedwa. Mtsikana kuvala suti pansanja ku Johannesburg n'kunena kuti iye ndi Mandela womasulidwa, kunali kuputa boma komanso kupemphera. Pofika 1992 mkuluyo anali atatuluka kale pa 11 Febuluwale 1990. Nyimbo yomaliza, imene pansanja inali kulakalaka chinthu chosaoneka, pakanema inasanduka chikondwerero cha chinthu chimene oonera akudziwa kuti chinachitika. Imabwera Sarafina atangotuluka m'ndende mmene anazunzidwa, anzake ena atafa, mphunzitsi wake atafa, ndipo kulumpha kuchoka pamenepo kufika pa chisangalalo chotere n'kwakukulu kwambiri.

Tsono kodi tinene kuti filimuyi inalephera? Ayi. Poyamba, sewero la ku Market Theatre silikanafika kuseri kwa msika wa Nkhata Bay; tepi ndi dividi zinafika. Koma choposa apo, pali zinthu zimene kamera yokha ndiyo ikanatha, ndipo zonse zili pamene bandi yakhala chete. Nkhani ya wapolisi Sabela, amene anaseweredwa ndi a Ngema eni ake, ndiyo chitsanzo chachikulu. Sabela ndi munthu wakuda wogwirira ntchito boma la tsankho, wankhanza, amene anaumiriza mnyamata wotchedwa Guitar kukhala kazitape pomuopseza ndi bambo ake olumala. Ophunzira atamugwira amamumenya, kumuthira petulo n'kumuyatsa. Kuotcha anthu oganiziridwa kuti ndi akapirikoni kunafala m'zaka za m'ma 1980, ndipo apa filimu yasakaniza nyengo ziwiri, koma sindikuiimba mlandu. Pansanja imfa yotere ikanakhala kuvina kwa manja ndi nyali zofiira, ndipo tikanaombera m'manja. Kamera imatikaniza mpumulo umenewo. Imayandikira nkhope ya munthu amene tamuda kwa ola lathunthu, n'kutionetsa akupempha chifundo. Kenako imatembenukira kwa Sarafina. Mwana amene timavina naye uja waima pamenepo, moto ukuwala m'maso mwake, ndipo palibe nyimbo yomubisa. Kuno kwathu, kumene timamvabe za anthu ootchedwa pamsika chifukwa choganiziridwa kuba, mbali imeneyi siifuna womasulira.

China ndi amayi a Sarafina, Angelina, amene anaseweredwa ndi mayi Miriam Makeba, atangobwerera kwawo mu 1990 patatha zaka pafupifupi 30 ali kunja. Angelina ndi wantchito m'nyumba ya azungu, amalera ana a eni nyumba pamene ake akukula okha ku Soweto. Poyamba Sarafina amawanyoza kuti ndi kapolo wopanda mtima wolimbana ndi adani. Atatuluka m'ndende amapitanso kunyumba ija, wofooka, n'kukawapepesa. Palibe khamu, palibe mfuti. Pali nkhope ziwiri basi, ndi manja a mayi amene atha ndi sopo wa anthu ena. Munthu wokhala kumbuyo kwa holo sakanaona manjawo.

Anthu a ku Nkhata Bay ntchito imeneyi timaidziwa. Kuyambira masiku a Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, abale athu akhala akupita ku Joni, ndipo ambiri amakathera m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya anthu ena. Azakhali anga agwira ntchito m'nyumba ina ku Johannesburg kwa zaka 14. Ana awo awiri analeredwa ndi amayi anga, ndipo wamng'onoyo mpaka lero amawaitana kuti "anti". Atabwera pa Khirisimasi ya 2023, masiku omwe tinamva kuti a Ngema amwalira pa ngozi ya galimoto, tinaika filimuyi pa laputopu kuti tionere pamodzi. Nyimbo zonse ankayimba nawo, natiuzanso tanthauzo la mawu a Chizulu amene ife tinkangowatafuna kuyambira ubwana. Pa kuwombera paja anangopukusa mutu. Koma Sarafina atangolowa pageti la nyumba ya azungu kachiwiri, azakhali anadzuka, nati akukaona madzi a kondowole ngati awira. Madziwo anali asanaikidwe n'komwe pamoto. Anabwerera filimu itatha.