Mbaula yatsopano, paipi yakale

Kuno ku Indiana, chisanu chikayandikira, abale ena mumpingo amasintha mbaula zotenthetsera m'nyumba, zija zoyaka ndi timibulu ta utuchi. Ambiri amandifunsa ngati paipi yakale yotulutsa utsi ingagwirebe ntchito. Ndalama n'zovuta, ndimawamvetsa.

Ingagwire, koma kungolowa pakamwa pa mbaula sikokwanira. Kumudzi kwathu utsi umakwera wokha n'kutulukira kudenga. Mbaula iyi ili ndi fani yokankha utsi, ndiye pamene mapaipi sanamatidwe bwino, utsi umatulukira m'nyumba momwemo limodzi ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha. Ana amangodandaula mutu ndi chizungulire, makolo n'kumati ndi chimfine.

Mapaipiwa amakhala a mainchi 3 kapena 4, ndipo a makampani osiyana kawirikawiri salumana. Ine ndimawauza kuti aitane mmisiri, achotse mwaye, aone ngati mulibe dzimbiri, amate molumikizira monse ndi silikoni wopirira moto. Chigawo choimirira chija asachidule: magetsi akazima fani imaima, ndipo chimene chimakokabe utsi kunja ndi chimenecho. Alamu ya carbon monoxide aiike pafupi ndi zipinda zogona.