Kalata yochokera ku Glasgow

Okondedwa bambo ndi mayi,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino kumudziko, pamodzi ndi agogo ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino. Azakhali ndi banja lawo nawonso ali bwino ndipo akupereka moni wambiri.

Pa foni timalankhulana mothamanga chifukwa cha mayunitsi ndi netiweki yodukaduka, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Bambo munandifunsa kuti zimatheka bwanji munthu kuwoloka nyanja, kufika dziko la eni, n'kumakagwira ntchito m'chipatala osalandirako ngakhale tambala. Amalume andiuzanso kuti ena kumeneko akuganiza kuti ndikubisa malipiro. Palibe chomwe ndikubisa. Kangachepe komwe ndimatumiza kamachokera ku ntchito ya m'sitolo yomwe ndimagwira masiku ena. Ya kuchipatala ndi yongodzipereka, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake ndimaiwerengera kwambiri. Koma ndiyambe ndakuuzani za mzinda womwe mwana wanu akukhala.

Glasgow ndiye mzinda waukulu koposa ku Scotland, ngakhale likulu la dzikoli ndi Edinburgh. Muli anthu opitirira 600,000, ndipo pakati pake pamadutsa mtsinje wa Clyde. Nyumba zambiri ndi zamiyala yofiirira, zosanjikizana katatu kapena kanayi, mabanja angapo kulowera khomo limodzi n'kumakwera masitepe aliyense kupita kwake. Munthu utha kutha chaka osadziwa dzina la wokhala pamwamba pako. Komatu si anthu ouma mtima. Pamalo odikirira basi nkhalamba imangoyamba kukuchezetsa ngati mumadziwana kale, ndipo aliyense potsika amathokoza dalaivala. Chingerezi chawo ndiye china. Amachilankhula mothamanga, mawu ena ndi awoawo, moti poyamba ndinkamva theka lokha. Odwala okalamba a kuchipatala ndiwo anditsekula makutu.

Mvula kuno ilibe nyengo. Ndi ya chiperoni chija cha kwathu, yowaza pang'onopang'ono ndi kamphepo kozizira, kungoti imatha kugwa mwezi uliwonse pachaka. Chomwe chimasautsa kwambiri ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane, pomwe mu Juni kunja kumawala mpaka 10 koloko usiku. Amasinthanso mawotchi kawiri pachaka, n'chifukwa chake panopa muli patsogolo pathu ndi maola awiri pamene miyezi yapitayi linali ola limodzi. Kupita kuchipatala ndimakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka, yomwe inayamba kuyenda mu 1896. Imangozungulira masiteshoni 15, choncho ukapitirira potsikira umangokhala, idzakubweza yokha.

Tsiku lina ndinakwera sitima kupita ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni amene wathu uja anatengerako dzina pamene amishoni a Church of Scotland anakhazika mishoni mu 1876. Ndi katauni kakang'ono, makilomita ngati 13 kuchokera pano. Nyumba yomwe David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ikadalipo, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Ife kusukulu tinkamuphunzira ngati mmishoni ndi woyenda maulendo, koma ine chomwe chinandigwira mtima n'chakuti anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu ya madzulo. Ndalama zomwe anasunga ndi zomwe analipirira maphunziro a udokotala kuno ku Glasgow kuyambira mu 1836. Dr Kamuzu Banda nawonso mapepala awo a udokotala wa ku Britain anawatengera ku Scotland konkuno mu 1941. Ndiye njira yomwe ndikuyesa kuyendayi ena anaidutsa kale.

Tsopano za sukulu. Ku Scotland kuli mayunivesite asanu ophunzitsa udokotala: Glasgow, Edinburgh, Aberdeen, Dundee ndi St Andrews. Ya Glasgow inakhazikitsidwa mu 1451, ndipo udokotala amauphunzira zaka zisanu. Kufunsira malo kumadzera ku bungwe lotchedwa UCAS, ndipo kwa ofuna udokotala khomo limatsekedwa pa 15 Okutobala, pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe. Umaloledwa kusankha masukulu anayi okha a udokotala. Usanatumize fomu umalemba mayeso a pa kompyuta otchedwa UCAT, omwe safunsa zoloweza za m'mabuku koma kuganiza mwachangu, masamu, ndi zomwe ungachite utakumana ndi vuto lofuna chikumbumtima. Zonsezi ndachita, fomu inapita, panopa ndikudikira ngati angandiitane kukafunsidwa mafunso pamaso.

Pamenepo ndi pomwe ntchito yongodzipereka ija imalowera. Pafupifupi aliyense wofunsira malo amakhala kuti anakhoza bwino kwambiri, ndiye magiredi okha sasiyanitsa anthu. Aphunzitsiwo amafuna kudziwa ngati unakhalapo pafupi ndi munthu wodwala, ngati ukudziwa fungo la m'wodi, ngati ungapirire munthu akukukalipira chifukwa cha ululu, komanso chomwe unatolapo pa zimenezo. Safuna munthu amene adzathawe m'chaka chachitatu atazindikira kuti udokotala si jasi loyera lokha.

Kuti andilole kulowa m'wodi sizinali zachidule. Anafufuza kaye mbiri yanga kudzera m'ndondomeko ya boma yotchedwa PVG, yoteteza ana ndi akulu osatha kudziteteza. Anafuna anthu ondichitira umboni, kenako maphunziro a kasungidwe ka chinsinsi cha odwala ndi kasambidwe ka m'manja. Za m'manjazi sachita nazo masewera: malaya apindidwe mpaka m'chigongono, wotchi ivulidwe, ndipo usambe pochoka kwa wodwala aliyense. Ali ndi chifukwa chonyadira mwambowu. Munali mumzinda muno, pa chipatala cha Glasgow Royal Infirmary, momwe dokotala Joseph Lister mu 1865 anatsuka ndi mankhwala a carbolic bala la mnyamata wa zaka 11 amene ngolo inamuthyola mwendo. Masiku amenewo bala lotere linkaola, mwendo n'kudulidwa kapena munthu kumwalira. Mnyamatayo anachira ndi mwendo wake, ndipo maopaleshoni pa dziko lonse anasintha kuchokera pamenepo.

Nanga ine ndimachita chiyani? Sindibaya jakisoni, sindipereka mankhwala ngakhale panado, sindiwerenga mafayilo a odwala, sindinyamula wodwala pabedi. Ndimakankha kangolo ka tiyi, ndimadzaza madzi m'majagi, ndimatsekulira chakudya amene manja awo akunjenjemera n'kukhala nawo mpaka adye, ndimawerengera nyuzipepala amene maso anafooka, ndimalondolera alendo osochera m'makonde. Nthawi yambiri ndimangokhala pampando pafupi ndi bedi n'kumamvetsera.

Mayi, ntchito imeneyi inu mukuidziwa kuposa ine. Ndi ya gadiyani. Ndi yomwe munkagwira agogo aamuna atagonekedwa kuchipatala, mukugona pa chitenje pansi pafupi ndi bedi, kulawirira kukaphika phala ku shedi ya magadiyani, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuthamangira anamwino usiku mpweya ukasintha. Kuno kulibe magadiyani. Boma kudzera m'bungwe la zaumoyo la NHS, lomwe linayamba mu 1948, limapereka zonse: bedi, chakudya katatu, mankhwala, makina, ndipo ku Scotland ngakhale mankhwala okatenga ku famase salipiritsa kuyambira mu 2011. Zimenezi n'zosiririka ndipo ndimalakalaka zitafika kwathu. Koma nthawi yoona odwala ikakwana, pamakhala mabedi ena omwe sipafika munthu. Ana ali ku London kapena ku Australia, mkazi anamwalira, anzawo anatha. Anamwino ndi achifundo koma ndi ochepa pa ntchito yochuluka, sangakhale pansi theka la ola ndi munthu mmodzi. Mpata umenewo ndi womwe timatseka ife ongodzipereka.

Muli bambo wina wokalamba amene ndinkakhala naye kawirikawiri. Unyamata wake wonse anagwira ntchito yopanga sitima zapamadzi m'mbali mwa Clyde, nthawi yomwe mzinda uno unkatchuka dziko lonse ndi ntchito imeneyo. Mafakitale ambiri anatsekedwa kalekale, koma fumbi la asbestos lomwe ankapuma likadali m'mapapo mwa amuna ambiri a msinkhu wake. Ankalankhula mawu atatu n'kupuma, atatu n'kupuma. Ndinaphunzira kusamumalizira mawu, kudikira mpaka afike yekha pomwe akupita. Bambo mumakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bedi limenelo ndi pomwe ndinawamvetsa mawuwo. Tsiku lina anandiuza kuti sakumwa madzi madzulo chifukwa akuchita manyazi kuitana anamwino usiku kuti amuperekeze kuchimbudzi. Madokotala ankadabwa kuti thupi lake likuumiranji. Ndinamupempha chilolezo, n'kukauza namwino wamkulu wa wodiyo, ndipo anakonza zoti azimuyendera usiku asanaitane. Palibe makina amene akanatulukira zimenezo.

Musaganize kuti kuno aliyense ndi wolemera. Glasgow ili m'gulu la mizinda yomwe anthu amafa msanga kwambiri mu Britain monse. Mowa, fodya, mankhwala ozunguza bongo ndi ulova wa mibadwomibadwo zapweteka madera ena, ndipo kuli malo ogawa chakudya kwa mabanja osowa. Ukatsika basi dera lina n'kukwera kupita dera lina, umaona ndi maso kusiyana kwa matupi a anthu. Matenda amatsata umphawi kuno monga momwe amachitira kwathu.

Pali chinthu china chomwe chinandisangalatsa. Madokotala pa dziko lonse akafuna kuyeza kuti munthu wakomoka motani amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Glasgow Coma Scale, womwe madokotala awiri a mumzinda muno, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaufalitsa mu 1974. Amayang'ana ngati munthu akutsekula maso, akulankhula, ndiponso akusuntha thupi, n'kupereka mapointi kuyambira 3 mpaka 15. Koma mwana wamng'ono amene sanayambe kulankhula sungamuyeze bwino choncho. Ndiye ku Blantyre wathu, pakati pa ana odwala malungo a mu ubongo, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anakonza muyeso wina wa mapointi 0 mpaka 5, wotchedwa Blantyre Coma Scale, womwe unafalitsidwa mu 1989 ndipo ukugwira ntchito m'maiko ambiri momwe muli malungo. Dokotala wina wachinyamata atamva kuti ndine Mmalawi, chinthu choyamba kutchula chinali chimenecho. Nzeru za chipatala sizichokera mbali imodzi yokha.

N'chifukwa chake pali khalidwe lina lomwe silindisangalatsa. Achinyamata ena a kuno ofuna udokotala amalipira makampani ndalama zambiri kuti akakhale milungu iwiri kapena itatu m'zipatala za ku Africa ndi ku Asia, kuti akapeze cholemba pa fomu. Ambiri amapita ndi mtima wabwino, ndipo amene amakangoonerera, kuphunzira ndi kulemekeza eni malo ndilibe nawo mlandu. Koma ndamvapo ena akunyadira kuti kumeneko anawalola kusoka bala kapena kuthandiza kubereketsa, asanaphunzire ngakhale tsiku limodzi. Mumtima ndimati, bala limenelo likanakhala la mayi anga bwanji? Ngati ine kuno sandilola kupereka panado, ndipo akuchita bwino kundiletsa, lamulo lomwelo liyenera kuteteza mayi wa ku Thyolo. Kuchepa kwa madokotala kwathu si chilolezo choti wina aphunzirire pa matupi a anthu osauka. Ndipotu masukulu a udokotala amanena poyera kuti safuna kuti munthu achite kupita kunja. Kutumikira m'nyumba yosamalira okalamba ya pafupi ndi kwanu kwa miyezi yambiri kumalemera kuposa ulendo wa pa ndege wa milungu iwiri.

Ndikuuzeninso zoona pa za ndalama, kuti pasakhale chiyembekezo chopitirira. Ofunsira malo ndi ochuluka kwambiri kuposa malo, ndipo ambiri okhoza bwino amabwezedwa chaka choyamba n'kuyesanso. Wophunzira amene amawerengedwa kuti ndi wakunja amalipira mapaundi masauzande makumimakumi chaka chilichonse, ndalama zomwe banja lathu silingazione popanda thandizo. Ine ndi azakhali tikuyendera nkhani imeneyi ndiponso kufunsira thandizo la maphunziro. Zikakanika kuno, maso anga alinso ku sukulu yathu ya udokotala ku Blantyre, yomwe inatsekulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kulikonse komwe ndingaphunzire, cholinga changa n'kudzagwira ntchito kwathu.

Mng'ono wanga wa Fomu 3 uja anandilembera kuti nayenso akufuna udokotala ndipo akudandaula kuti alibe mwayi ngati wanga. Mumuuze kuti alimbikire Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, koma asadikire ndege. Pa holide akapemphe kwa alangizi a zaumoyo kuti azithandiza tsiku la sikelo ya ana, kulemba m'makadi ndi kukonza mizere. Azipita ndi amayi a Mvano kukaona odwala m'mudzi, atunge madzi, asese, akhale pansi amvetsere. Agule kope azilembamo zomwe waona ndi zomwe zamuvuta, osatchula maina a anthu. Akadwala wachibale, iye akhale woyamba kudzipereka kukakhala gadiyani.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa amalume kuti muonjezere pa feteleza mvula isanakhazikike, ndipo ina mugulire agogo mankhwala awo a BP asanathe. Mundidziwitse ngati denga la khitchini linakonzedwa. Mupereke moni kwa agogo, amalume ndi azakhali a kuseri, abusa ndi onse a kumpingo. Makalata oitana ku mafunso amayamba kutuluka miyezi ikubwerayi, choncho muzindikumbukira m'mapemphero a madzulo, ndipo ndikangomva chilichonse ndidzakuimbirani tsiku lomwelo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
ku Glasgow