Laputopu ya bungwe idatsala pang'ono kum'chititsa manyazi mlembi

Akuluakulu adati fisi akadya mbuzi, mlandu umagwera mbusa. Izi zidaoneka mu 2024 pa bungwe lina la alimi a kachewere kudera la Tsangano, pamene mamembala adasonkherana ndalama atagulitsa mbatata yawo kuti agule laputopu yosungiramo mayina ndi ngongole za fetereza. Mlembi wawo, bambo wa tsitsi la imvi, ndiye adakwera chapa kupita ku Tete kukagula makinawo. Adabwera nawo ali m'katoni mwake, ndipo anthu adaomba m'manja.

Chimwemwecho sichidathe mwezi. Akayatsa m'mawa, makinawo ankachedwa kudzuka mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Akangoyamba kulemba, galasi linkasanduka la buluu, makina n'kuzima okha, zimene walemba n'kutayika. Tsiku lopereka kaundula wa ofuna fetereza linkayandikira, ndipo manong'onong'o adayamba kumveka pachitsime ndi kumsika, oti mkuluyo adagula makina akale otsika mtengo n'kubisa ndalama zotsala. Munthu amene adasunga mabuku a bungwe zaka zambiri popanda kusowetsa ngakhale metikali imodzi adayamba kusowa tulo.

Loweruka lina kudabwera mwana wa mlongo wake, mtsikana wophunzira ku Ulongué. Adapeza laputopu ili pabulangete pabedi. "Amalume, makinawa amapumira pansi," adatero. Adawaonetsa timabowo ta kunsi kumene mphepo imalowera kukaziziritsa m'kati. Timabowo tikatsekeka ndi nsalu kapena fumbi, makina amatentha ndipo amadzizimitsa okha kuti asapse. Adawaika patebulo. Asadakhudze china chilichonse, adakopera mayina onse a mamembala pa fulashi, kuti zinthu zikavuta kaundula apulumuke.

Kenaka adadina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc. Padatseguka tsamba lotchedwa Gestor de Tarefas, lomwe pa makina a Chingerezi limatchedwa Task Manager. Pamenepo pali mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha makina akangoyatsidwa. Adalipo ambiri, ena oikidwiratu kufakitale, ena amasewera amene ana adalowetsa. Zili ngati ngolo imene aliyense wakwezapo thumba lake ng'ombe zisadanyamuke. Adazimitsa osafunikawo. Adapezanso mapulogalamu awiri oteteza ku mavairasi, ina yoyeserera chabe ya masiku owerengeka, akupikisana kufufuza mafayilo omwewo. Adachotsa yoyesererayo, poti Windows ili kale ndi mlonda wake wotchedwa Defender.

Adawafunsanso ngati amazimitsa makina akamalemba kuti akukonzanso zina. Mkuluyo adavomera kuti ankakanikiza batani lozimitsira poopa kutha kwa batire ndi mayunitsi a intaneti. Mtsikanayo adawauza kuti makina atsopano amayenera kutsitsa zokonza zambiri m'masiku oyamba, ndipo kuwadula pakati kumawononga mafayilo ake. Adawalumikiza ku magetsi ndi kuwasiya mpaka amalize. Madzulo ake makina adayamba kudzuka msanga.

Koma Lamlungu galasi la buluu lija lidabweranso. Ulendo uno mtsikanayo adajambula ndi foni mawu amene adatuluka m'munsi, akuti MEMORY_MANAGEMENT. Mawu otere amaloza kumene kuli nthenda, ndipo awa nthawi zambiri amanena za RAM, kachipangizo kosunga ntchito imene munthu akugwira panthawiyo. Makinawo adali ndi RAM ya 4 GB, yomwe ndi yochepetsetsa imene Windows 11 imalola chitulukireni mu 2021. Adayendetsa pulogalamu yoyeza RAM imene imabwera ndi Windows yomweyo, ndipo idaonetsa kuti kachipangizoko kali ndi vuto. Ili silidali vuto lokonzera pakhomo, komanso kutsegula makina ndi sikuludiraiva kukadatha kuwatayitsa garantiya.

Apa m'pamene padafunika risiti. Mkuluyo adafufuza m'matumba onse osaipeza, thukuta lili kamukamu. Mayi a kunyumba adangolowa kuchipinda n'kutuluka nayo, ataisunga m'kachitini momwe amasungira makadi a kusikelo. Lolemba adakweranso chapa ndi risiti, katoni ndi chithunzi cha pafoni chija. A kusitolo adayeza okha, adavomereza, ndipo adasintha kachipangizoko osalipiritsa.

Pamsonkhano wotsatira mlembi adaika risiti patebulo kuti aliyense aone mtengo ndi tsiku, kenaka adayatsa makina n'kuwerenga mayina onse ndi ngongole zake. Amene ankanong'ona aja adangoti zii, ndipo kaundula adapita nthawi yake.

Inu owerenga amene mukusonkherana kugula makina otere, sungani risiti ndi katoni, ndipo muziyese makinawo tsiku ndi tsiku garantiya isadathe. Galasi likasintha mtundu jambulani mawu ake. Kuyambira 2025 pa Windows 11 yatsopano limaoneka lakuda m'malo mwa buluu. Wina akakutsatsani laputopu ya Windows 10 n'kumati ndi yatsopano, mufunseni bwino, chifukwa Microsoft idasiya kupereka zokonza zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ndipo kaundula wa bungwe azikhalanso pa fulashi ndi m'kope.